Pindani Bondo, Msana Muusiye: Kaimidwe ndi Kayendedwe Poponya Mpira wa Bowling

Mpira wa bowling ndinaugwira koyamba pa phwando lotsekera chaka la kuntchito kwathu kuno ku Johannesburg. Awa ndi masewera ogudubuza mpira wolemera pa kanjira ka matabwa kuti ukagwetse mapini 10, timitengo tooneka ngati mabotolo toimikidwa kumapeto kwake. Pashelefu ndinatola wolembedwa 16, kutanthauza mapaundi 16, wolemera kuposa yonse, poti ndinakula ndikunyamula matumba a chimanga kwathu ku Ntcheu ndipo makilogalamu 7 sindinawaone ngati katundu. Ndinathamanga nawo, n'kuwerama, n'kuuponya. Unamenya thabwa kuti gu! n'kugudubuzika pang'ono, kenako n'kulowa m'ngalande. Usiku wonsewo ndinaponya choncho. M'mawa mwake msana unali utauma gwa, moti nsapato anandimanga ndi mayi a kunyumba.

Papita zaka 7 tsopano, ndipo Lachiwiri lililonse madzulo ndimasewera mu ligi. Msana sundivutanso. Chimene chinasintha si mphamvu za mkono ayi, koma mawondo. Ndikulemba izi chifukwa abale athu ambiri ndikapita nawo kukasewera ndimawaona akuchita zomwe ndinkachita ine: amawerama ngati akupalira, miyendo ili chilili, ndipo akabwerera kunyumba amati masewerawa ndi opweteka thupi.

Ndifotokoza ngati mumaponya ndi dzanja lamanja. Ngati ndinu amanzere, paliponse pamene ndanena kumanja inu muziti kumanzere, ndipo pamene ndanena kumanzere muziti kumanja.

Choyamba dziwani malo amene mukuimapo. Kuchokera pamzere umene suloledwa kupondedwa, uja amati foul line, kukafika pa pini yoyamba pali mafiti 60, omwe ndi mamita 18 ndi pang'ono. M'lifupi mwake kanjira ka mpirako kali ndi timatabwa 39, zonse pamodzi kungopitirira mita imodzi pang'ono. Kumbuyo kwa mzerewo kuli bwalo loyendapo, la mafiti osachepera 15, pafupifupi mamita anayi ndi theka, limene amalitcha approach. Inu mphamvu zanu zonse zimathera pabwalo laling'onoli. Mpira ukangochoka m'dzanja, zatha, simungaulankhulenso. Ndiye thupi likapendekeka pang'ono chabe pamzere paja, pofika kumapini mamita 18 kutsogolo kupendekekako kwakula, mpira waphonya ndi timatabwa tingapo. N'chifukwa chake anthu odziwa amayang'ana miyendo ya woponya asanayang'ane dzanja lake.

Za kulemera kwa mpira ndinene mwachidule, poti zimakhudza kaimidwe. Malamulo salola mpira woposa mapaundi 16. Aphunzitsi ambiri amati yambani ndi mpira wolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lanu, koma osapitirira malirewo. Ine ndimawonjezera kuti tsitsaniko paundi imodzi kapena awiri pamene mukuphunzira. Mpira ukakulemerani umakokera phewa pansi, thupi limapendekera kumanja, ndipo bondo silingagwire ntchito yake chifukwa likulimbana ndi kukuletsani kugwa. Ndinatsika kuchoka pa 16 kufika pa 13, ndipo ndinakhala pamenepo chaka chathunthu. Lero ndimaponya wa 14. Onaninso kuti chala chamanthu chikulowa ndi kutuluka m'bowo mosakakamira komanso mosakhwepa.

Kuti mudziwe poyambira, pitani pamzere paja, mufulatire mapini, zidendene zikhale pafupi ndi mzere koma osaukhudza. Yendani masitepe anayi a mayendedwe anu a masiku onse, muwonjezere theka la sitepe. Tembenukani. Pamenepo ndiye panu. Theka lija ndi malo otsetserekera. Pabwalopo pali timadontho. Onani kadontho kamene phazi lanu lamanzere layandikira, mukasunge m'mutu, kuti nthawi iliyonse muziyambira malo omwewo.

Tsopano kaimidwe. Phazi lamanzere likhale patsogolo pang'ono, lamanja kumbuyo pang'ono, ngati zala za lamanja zikufika pakati pa lamanzere. Musatangadze miyendo, mapazi ayandikane. Mawondo onse awiri muwamasule, apindike pang'ono, monga momwe mumachitira mukaimirira m'lole imene ikuyenda pamsewu wafumbi. Amene anakwerapo matola akudziwa kuti ukaumitsa mawondo, bampu yoyamba yomweyo wagwa. Chiuno chibwerere kumbuyo pang'ono ngati mukufuna kuyamba kukhala pampando wautali, ndipo chifuwa chipendekere kutsogolo pang'ono chabe. Aphunzitsi amakonda kutchula madigiri 15. Simufunika choyezera. Ngati mapewa anu ali pamwamba pa mawondo, ndipo mawondo ali pamwamba pa zala za kumapazi, mwafika. Msana ukhale wowongoka kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi. Kupendekako kuchokere m'chiuno, osati kupinda msana ngati uta.

Mpira muunyamule pakati pa chiuno ndi chifuwa, koma osati pakati pa mimba. Ukhale cha kumanja, moyang'anizana ndi phewa lamanja, kuti ukamatsika usakumane ndi ntchafu. Kulemera kwake kwambiri kukhale m'dzanja lamanzere. Lamanja lingogwira mofewa, chigongono chili pafupi ndi nthiti. Phewa lamanja likatsika pang'ono kuposa lamanzere musadandaule, ndi mmene ziyenera kukhalira. Maso asapite kumapini. Pakanjira pali timivi 7 tojambulidwa pafupifupi mafiti 15 kuchokera pamzere. Kwa woyamba kumene, kamuvi kachiwiri kuchokera kumanja, kamene kali pa kathabwa ka 10, ndi kabwino. Kayang'aneni dwii, musakasiye mpaka mpira utadutsapo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mpira uyenera kufika pansi, ndipo pali njira ziwiri zoufikitsira. Ina ndi kuwerama, ina ndi kupinda bondo. M'maso zimaoneka ngati zofanana chifukwa dzanja limafika pansi ndithu, koma m'thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Amene anandionetsa kusiyanaku ndi bambo wina wachikulire amene ankasewera pa kanjira koyandikana ndi kathu, mwezi wanga wachitatu. Anali wa imvi mutu wonse, woyenda pang'onopang'ono, koma mpira wake unkangoti myaa pathabwa, osamveka kugwa, n'kukaphwasula mapini onse 10. Atandiona ndikusisita m'chiuno anabwera n'kundiuza kuti ndiime pamzere popanda mpira, ndigwire pansi ndi dzanja. Ndinawerama n'kugwira. Anandikankha paphewa ndi chala chimodzi, ine dzandi dzandi kutsogolo. Kenako anati ndiponye phazi lamanzere kutsogolo, ndipinde bondo, chifuwa chikhale m'mwamba, ndigwirenso pansi. Anandikankhanso, mwamphamvu kuposa poyamba. Sindinasunthe. Mawu awo anali ochepa: "Mwana wanga, msana si mwendo. Ntchito ya mwendo isiyire mwendo."

Ndikubwerera kunyumba usiku umenewo ndinakumbukira agogo anga aakazi. Tikamawapatsa chikho cha madzi iwo atakhala pamphasa, sankalola kuti tiime n'kuwerama pamutu pawo. Atsikana ankagwada, anyamata tinkanjuta, ndipo chikho chinkafika m'manja mwawo madzi osatayika, nkhope zathu zikuyang'ana kwa iwo. Tinkatsika ndi miyendo, msana uli wowongoka. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza zoti ndikugenda mapini. Ndimaganiza zoti ndikupereka mpira kwa thabwa mwaulemu, ndipo thupi limadziwa lokha chochita chifukwa linaphunzira kale ndili mwana.

Mukawerama, mutu umapita kutsogolo kwa phazi, kulemera konse kumathawira kuzala, ndipo msana wam'munsi ndi umene umasenza mpira pa nthawi imene ukuthamanga kwambiri. Maso nawo amachoka pa kamuvi chifukwa nkhope yayang'ana pansi. Mkono umatsika mozondoka, n'kumenyetsa mpira pathabwa. Mukapinda bondo, chiuno ndi chimene chimatsika, ntchafu ndi matako zimalandira katundu, mutu umakhala pamalo ake, ndipo dzanja limayenda motsatira pansi kwa kamtunda ndithu lisanasiye mpira. Ndiye mpira umatera ngati ndege, osati kugwa ngati papaya.

Koma kutsikako sikuchitika kamodzin'kamodzi pa sitepe yomaliza. Ambiri akamva zopinda bondo amayenda masitepe atatu ali njo, n'kudzagwera pansi mwadzidzidzi pa sitepe yachinayi. Kumeneko n'kupweteka bondo. Muzitsika pang'onopang'ono sitepe iliyonse, ngati munthu wotsetsereka kupita kudambo atasenza ndowa yodzaza. Mutu wa mayi wosenza madzi sudumphadumpha. Miyendo imachita zonse pansipa, pamwamba pali bata.

Sitepe yoyamba ndi ya phazi lamanja, ndipo ndi yaifupi. Phazi likamanyamuka, manja onse awiri akankhire mpira kutsogolo pang'ono, molunjika kamuvi kanu, nthawi imodzimodziyo. Phazi ndi mpira zinyamukire limodzi. Phazi lamanjalo lipondeni kutsogolo kwa lamanzere, ngati mukuwoloka ulalo wa mtengo umodzi. Mukatero chiuno chimapatuka, mpira n'kupeza njira yodutsa pambali pa mwendo.

Pa sitepe yachiwiri, ya phazi lamanzere, dzanja lamanzere limasiya mpira n'kutambasukira kumbali, ndipo mpira umatsika wokha pambali pa mwendo wamanja. Musaukoke, musaugwire. Mkono ukhale ngati chingwe cha katungwe. Kulemera kwa mpira ndi kumene kumauyendetsa. Mawondo apindikeko kuposa poyamba.

Sitepe yachitatu ndi imene ndimaikonda, ndipo ndi imene anthu saiona. Ndi ya phazi lamanja, yaifupi komanso yofulumira. Mpira pano wafika pamwamba kumbuyo kwanu, mwina molingana ndi phewa. Bondo lamanja lipindike kwambiri, chiuno chitsike, chifukwa mwendo umenewu ndi umene ukukankheni kulowa m'kutsetsereka. Liwiro la mpira limachokera pamenepa. Mukaponda sitepe imeneyi mwendo uli wowongoka, mulibe chokankhira, ndipo mkono umayamba kuchita kukakamiza kuti ubweze mphamvu zimene miyendo sinapereke. Ine nditazindikira sitepe yachitatu, mpira wanga unayamba kuthamanga kuposa kale pamene mkono ndinali nditaufewetsa. Chifuwa chimapendekerako kutsogolo pamene mpira ukukwera kumbuyo, zimenezo n'zachibadwa, bola msana usapindike ndipo mutu usapitirire bondo.

Sitepe yachinayi si kuponda, ndi kutsetsereka. Phazi lamanzere lilowe ndi kutsogolo kwake, chidendene chili m'mwamba pang'ono, litsetsereke molunjika kumene mukuponya, bondo likupindika pamene phazi likupita. Chidendene chikatsika chimakhala buleki. Muime patatsala mainchi angapo kuti mufike pamzere. Mwendo wamanja usese kumbuyo kupita kumanzere, zala zake zikukhudza pansi. Kusesa kumeneku kuli ndi ntchito ziwiri: kumachotsa ntchafu panjira ya mpira, komanso kumakupatsani tsinde lotambalala kuti musagwere kumanja. Dzanja lamanzere likhale lotambasuka kumbali. Mpira udutse pafupi kwambiri ndi kakolo wa phazi lamanzere, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Chala chamanthu chimatuluka choyamba, zala ziwiri zinazo zimene zili m'mabowo a mpira n'kutsatira, ndipo mkono umapitirira kukwera kutsogolo ngati mukupereka moni kwa munthu wamtali.

Ena amayenda masitepe asanu. Palibe chachilendo: amangoyamba ndi kasitepe kakang'ono ka phazi lamanzere mpira usanasunthe, kenako zonse ndi zomwe ndafotokozazi.

Mukaponya, musadzuke. Khalani momwemo, bondo lopindika, mkono m'mwamba, mpaka mpira ukagunde mapini. Ichi ndi chiyeso chosanama. Ngati mungathe kuima nji kwa masekondi atatu, zonse zimene munachita m'mbuyomo zinali bwino. Ngati mukudumphira kumanja, mukupondaponda, kapena mukugwira pansi ndi dzanja, china chake chinalakwika musanafike pamzere. Muli chiimire choncho, dziyang'aneni: mphuno, bondo lamanzere ndi zala za phazi lamanzere zikhale pamzere umodzi wotsika. Bondo liloze kumene zala zikuloza.

Anthu amandifunsa kuti bondo lipindike mpaka pati. Yankho langa ndi lakuti mpaka pamene mungakhale osanjenjemera, ndipo mungabwereze maulendo 50 kapena 60 usiku umodzi. Masewero atatu amafuna kuponya kochuluka choncho. Kupinda kwambiri kumene mungakwanitse kawiri kokha n'kopanda phindu. Mnyamata wa zaka 20 akhoza kutsika mpaka ntchafu kutsala pang'ono kugona. Ine wa zaka za m'ma 40 ndimatsika pang'ono kuposa theka la pamenepo, ndipo zimandikwanira. Bambo wachikulire uja sankatsika kwambiri n'komwe, koma ankatsika mofanana ulendo uliwonse. Pali zinthu ziwiri zokha zimene sindigonjera. Bondo lisapitirire kutali kutsogolo kwa zala chidendene n'kunyamuka, chifukwa katundu yense amathera pa chivundikiro cha bondo. Ndipo bondo lisagwere m'kati, kuloza kumanja pamene phazi laloza kutsogolo. Ndinachita zimenezi kwa miyezi ingapo osadziwa, mpaka m'kati mwa bondo munayamba kulasa ndikamakwera masitepe a kunyumba. Ndinapuma milungu itatu, n'kuyambiranso ndikuyang'anira bondolo. Ululu wolasa kapena kutupa si zolimba nazo mtima. Siyani kusewera mukaonane ndi adokotala.

Mpira wokha umakuuzani zimene thupi likuchita, mukamamvetsera. Ukamveka kuti gu! pafupi ndi phazi lanu, mwausiya msanga kapena mwawerama. Ukauluka n'kukagwa kutali, ndiye kuti munadzuka pa nthawi yousiya, bondo linawongoka mpira usanachoke. Vuto lodzukali ndi lofala kwambiri, ndipo limabwera chifukwa cha mtima wofuna kuona msanga zimene zichitike kumapini. Mpira ukamapita kumanzere kwa kamuvi kanu kawirikawiri, onani mapewa: mwina phewa lamanja likuthamangira kutsogolo chifukwa mapazi afika mochedwa ndipo mkono ukukoka. Ukamathawira kumanja, onani ngati mwendo wamanja ukusesadi kumbuyo. Mwendowo ukatsalira, mpira umazungulira ntchafu n'kutuluka panja. Ndipo ngati mukufika pamzere mukupuma wefuwefu, mukuthamanga. Awa ndi mayendedwe, si mpikisano wa liwiro. Ine ndimawerenga mumtima: kankha, tsitsa, khala, tsetsereka.

Zambiri mwa izi mungaziphunzire kunyumba osalipira kalikonse, ndipo masewerawa si otsika mtengo, choncho musamawononge ndalama kuphunzirira pa kanjira zimene mukanaphunzira pabalaza. Valani masokosi pasimenti yosalala kapena pamatailosi, muchotse mipando pafupi. Tengani botolo la madzi la malita awiri m'dzanja lamanja. Imani phazi lamanja lili kutsogolo, bondo lake lopindika, ngati muli pa sitepe yachitatu. Lolani botolo lipite kumbuyo, ndipo likamabwerera kankhani ndi mwendo wamanja, tsetserekani ndi wamanzere, muime osasuntha n'kuwerenga mpaka katatu. Botolo musalisiye. Chitani maulendo 10, mupume, muchitenso. Sitepe imodzi yokhayi ndinaichita madzulo aliwonse kwa mwezi wathunthu, ana akundiwerengera. Ikakhazikika, onjezani masitepe enawo. Mukapita kukasewera, maulendo oyamba atatu kapena anayi muponye mpira weniweni ndi sitepe imodzi yomweyi, pang'onopang'ono.

Ntchafu nazo zimafuna kulimbitsa. Tsamirani khoma ndi msana, mutsike ngati mwakhala pampando umene palibe, mukhale masekondi 30. Khalani ndi kudzuka pampando maulendo 15 osagwira ndi manja. Ponyani phazi limodzi kutsogolo n'kutsika mowongoka, mubwerere, musinthe mwendo. Muzichita miyendo yonse iwiri ngakhale wotsetsereka ndi umodzi, kuti thupi lisakule mbali imodzi. Ndipo musanagwire mpira usiku wa masewero, tenthetsani thupi: yendani pang'ono, njutani kangapo, zunguzani mapewa. M'nyengo yozizira ya kuno, mu June ndi July, ndikapanda kutero bondo limandiuza pa ulendo woyamba womwe.

Chida china chili m'thumba mwanu. Pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni, kamodzi kuchokera kumbali, kamodzi kuchokera kumbuyo. Mayi a kunyumba atandijambula koyamba ndinkakhulupirira kuti ndikutsika kwambiri. Kanemayo anaonetsa bondo lopindika pang'ono chabe ndi mutu uli kutsogolo kwenikweni kwa phazi. Zimene thupi limamva ndi zimene likuchita zimasiyana kwambiri poyamba. Pa kanema wa kumbali, ikani chala pagalasi pamene pali mutu wanu, muone ngati mutuwo ukutsika mosalala kapena ukudumpha. Pa wa kumbuyo, onani mpata wa pakati pa mpira ndi kakolo, ndiponso kumene bondo laloza.

Mukamaonera akatswiri pa YouTube, phimbani theka lakumwamba la galasi ndi dzanja, muone miyendo yokha. Ndimakonda kuonetsa anthu Norm Duke wa ku America, munthu wochepa thupi amene anapambana mipikisano 40 ya PBA, bungwe la akatswiri a bowling la kumeneko. Mphamvu zake zimaoneka poyera kuti zikuchokera m'miyendo ndi m'kugwirizana kwa mapazi ndi mpira. Achinyamata amakopeka ndi Jason Belmonte wa ku Australia, woponya ndi manja awiri osalowetsa chala chamanthu, amene mu 2023 anafikitsa 15 zikho za mipikisano ikuluikulu, kuposa wina aliyense. Iye amapendeka kwambiri kuposa mmene ndafotokozera pano, chifukwa kaponyedwe ka manja awiri kamafuna choncho, ndipo wakhala akuponya motero kuyambira ali kamwana. Mukafuna kumutsanzira, yambani mwaona mmene chiuno chake chimatsikira ndi mmene mwendo wake umagwirira pansi pomaliza. Kutengera kupendeka kwake kokha, miyendo isanalimbe, n'kuitana matenda a msana.

Pali nkhani ya nsapato imene sindingaisiye, chifukwa bondo lopindika bwino limadalira phazi lotsetsereka bwino. Nsapato zobwereka pamalo osewerera zimaterera zonse ziwiri, kuti zikwanire amanja ndi amanzere omwe. Zogula zenizeni zimakhala ndi phazi limodzi loterera, lina la labala logwira pansi, lokankhira pa sitepe yachitatu ija. Mukayamba kusewera kawirikawiri, gulani nsapato musanagule mpira. Ndipo kaya zanu kaya zobwereka, zisaponde madzi. Usiku wina ndinapita kuchimbudzi nditavala nsapato zosewerera, n'kuponda ponyowa osazindikira. Nditabwerera, pa sitepe yachinayi phazi linangoti kakata pathabwa, thupi n'kupitirira. Ndinagwera kutsidya kwa mzere ndi mpira m'dzanja, ndipo chigongono chinatupa sabata yonse. Kutsidyako kuli mafuta amene amathira pa kanjira, pafupifupi mafiti 40 oyambirira, ndipo n'koterera moti simungaime. Kungoponda mzerewo pa mpikisano, mapini onse amene mwagwetsa ulendo umenewo sawerengedwa. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse ndisanatole mpira ndimayang'ana kunsi kwa nsapato yamanzere, ndipo ndisanayambe masewero ndimayesa kutsetsereka kamodzi popanda mpira. Bwalo likakhala lomata, musathire paudala kunsapato. Malamulo amaletsa, ndipo wobwera pambuyo panu ndi amene angagwe. Pukutani nsapato ndi kansalu kouma, kapena uzani oyang'anira malowo apukute bwalolo.

Mwezi wathawu ndinatenga mphwanga amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi. Masewero awiri oyamba anachita bwino ndithu, akutsika mosalala, mpira ukulowa pakati pa pini yoyamba ndi yachitatu, ija yoyandikana nayo cha kumanja, pamene kawirikawiri pamagwetsa onse. Chapakati pa masewero achitatu mpira wake unayamba kumveka gu! gu! ngati wanga wa tsiku loyamba lija. Anabwera kudzakhala pafupi nane n'kunena kuti, "Amalume, dzanja langa lasokonekera, sindikudziwa chachitika n'chiyani."

Ndinamuuza kuti, "Dzanja lilibe mlandu. Gwira ntchafu yakoyo."

Anaigwira, inali ikunjenjemera. Miyendo ikatopa imasiya kupindika mwakachetechete, msana n'kulowa m'malo mwake inu osadziwa, ndipo nthawi imeneyi ndi imene anthu ambiri amavulala. Ndinamupatsa mpira wopepuka ndi mapaundi awiri, ndinamusunthira kutsogolo theka la phazi kuti masitepe afupike, n'kumuuza kuti asatsike kwambiri koma aime nji pomaliza mpaka mapini atagwa. Anamaliza masewerowo bwinobwino. Ankafuna achinayi, koma ndinamuuza avule nsapato, tidzabwerenso Loweruka.